Wotenga Mwana Kumudzi Atengenso Ntchito ya Namkungwi

Chaka ndi chaka, mayina a ana osankhidwa kupita ku Fomu 1 akatuluka, makolo ambiri amathamangira kuyang'ana pa mndandanda wa sukulu za mishoni. Mnyamata akapezeka pansi pa dzina la Zomba Catholic, Mtendere, Likuni Boys kapena St Patrick's, ndiponso mtsikana akaitanidwa ku St Mary's, Providence, Marymount, Likuni Girls kapena Stella Maris, pakhomo pamamveka nthungululu. Ambiri a inu amene muwerenga tsamba lino, ogwira ntchito m'boma ndi atsogoleri a m'madera, munadutsa m'sukulu zimenezi kapena muli ndi ana kumeneko, ngakhale kuti ena simupemphera ku Katolika. Chimwemwe chimenechi n'choyenera, pakuti sukuluzi zinadzipangira mbiri ndi thukuta, ndipo zotsatira za mayeso a MANEB zimachitira umboni.

Koma lero tifuna tikambirane za phunziro limodzi limene kholo silifunsa kawirikawiri pamene liwerenga lipoti la mwana. Kholo limayang'ana masamu, Chingerezi ndi sayansi, n'kulumpha phunziro la maluso a moyo, limene m'kalasi amalitcha Life Skills. M'phunziro limeneli ndi mmene mwana ayenera kumva za kusintha kwa thupi lake, za matenda ndi kapewedwe kake, za kukhala bwino ndi anzake, za kukana pamene ayenera kukana, ndi za kumene angathawire zinthu zikamuvuta. Mfundo yathu ndi yakuti sukulu ya Katolika iyenera kuphunzitsa zimenezi zonse, mosadumpha tsamba ndi mosanamiza mwana, ndipo ili ndi ufulu wonse wowonjezerapo chiphunzitso cha Mpingo wake. Sukulu imene yatenga mwana m'manja mwa makolo ake yatenganso ntchito imene kale inali ya anamkungwi, ndipo siingaikane.

Malo a namkungwi

Makolo athu akale sanalekerere mwana kuti adzikulire yekha ngati bowa wa m'tchire. Mtsikana akatha msinkhu ankauza azakhali kapena agogo ake, ndipo anamkungwi ankamulanga za thupi lake, za ukhondo, za ulemu ndi za zinthu zoyenera kupewa. Mnyamata naye anali ndi omulanga, kaya kudambwe, kujando kapena pamphala pomwe. Si zonse za kumeneko zinali zabwino. Miyambo ina, monga ya kusasa fumbi, inali yowononga ana, ndipo mafumu amene akulimbana nayo akuchita bwino. Komabe chinthu chimodzi makolo aja anachigwira: m'mudzi munali munthu wodziwika, wokhala ndi dzina, amene ntchito yake inali kulankhula ndi mwana nkhani zimene bambo ndi mayi sakanatha kuzitchula.

Amishoni a Katolika atafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, sanagwirizane ndi zambiri za m'chinamwali. Koma pakupita kwa nthawi mipingo inaona kuti malo a namkungwi sangakhale opanda munthu, ndipo inakhazikitsa chilangizo. Mpaka lero m'maparishi muli alangizi amene amakhala pansi ndi anyamata ndi atsikana otha msinkhu. Chomwecho zimene tikupempha pano si zachilendo kwa Mpingo.

Tsono taonani chimene sukulu yogonera komweko imachita. Kuyambira pamene Zomba Catholic inatsegulidwa mu 1942, sukulu zotere zakhala zikutenga mwana pa msinkhu weniweni umene thupi lake likusintha, n'kumusunga pafupifupi miyezi 9 pa chaka, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Azakhali atsala kumudzi. Mlangizi wa ku parishi amamuona pa tchuthi pokha, ngati amuona n'komwe. Kwa ana athu ife a m'tauni zinthu n'zovutirapo, chifukwa mwana akukulira ku Area 18 kapena ku Chitawira pamene azakhali ake ali ku Rumphi ndipo agogo ake ali ku Ntcheu. Bambo amabwera usiku atatopa, mayi nawo amachita manyazi. Kodi mwanayo afunsa yani? Amafunsa mnzake wa pa bedi loyandikana nalo ku hositelo, amene nayenso anamva kwa mnzake. Akafika kunyumba amafunsa foni, ndipo Facebook ndi TikTok sizichita manyazi ndi mwana wa munthu. Sukulu ikakhala chete, mwanayo sakhala wosalangidwa ayi. Amalangidwa ndithu, koma ndi anamkungwi amene palibe kholo lingawasankhe.

Zimene manambala akunena

Ena angaganize kuti tikukuza nkhani. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma linawerenga mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yowerengeka chabe. Mpanda wa sukulu utachotsedwa, zinaoneka poyera kuti ana ambiri analibe mpanda wina m'mutu mwawo. Mwana amene amasungidwa ndi geti ndi mlonda yekha ndi wosungika mpaka tsiku lotsekera sukulu basi.

Wolemba nkhani ino akumbukira mtsikana wina wa kwawo, m'zaka za m'ma 1980, amene anaposa anyamata onse pa mayeso a Sitandade 8 nasankhidwa kupita ku sukulu ina ya mishoni. Mudzi wonse unamuperekeza pokwerera basi. Ali Fomu 2 anabwerera ndi sutukesi yake pakati pa teremu, ndipo azakhali ake atamupanikiza anaulula kuti anzake ku hositelo anamuuza kuti kugona ndi mwamuna kamodzi kokha sikupatsa mimba. Mtsikana ameneyu ankadziwa mitsinje ya ku Canada ndi mafumu a ku England, koma za thupi lake lomwe panalibe amene anamuuza zoona. Masiku amenewo wotenga mimba ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka inabwera mu 1993, iye atakhala kale mayi wa ana angapo. Anzake amene ankawaposa m'kalasi anadzakhala akuluakulu m'maofesi.

Mpingo wokha unanena kale

Pali anthu amene amaganiza kuti kuphunzitsa ana nkhani zimenezi n'kutsutsana ndi chikhulupiriro cha Katolika. Anthu otere sanawerenge zolemba za Mpingo wawo womwe. Pa 28 October 1965, msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha zamaphunziro chotchedwa Gravissimum Educationis, ndipo m'menemo maepiskopi a dziko lonse lapansi anavomereza kuti ana, pamene akukula, apatsidwe maphunziro a za umuna ndi ukazi mwanzeru ndi mowamanga. Mu 2016 malemu Papa Francis anabwerezanso mfundo yomweyo m'kalata yake ya za banja yotchedwa Amoris Laetitia. Iye anafuna kuti maphunzirowa alingane ndi msinkhu wa mwana, asunge ulemu wa thupi, ndipo aphunzitse chikondi chenicheni, koma sananene kuti ana abisiridwe. Kotero mphunzitsi wamkulu amene amalamula kuti mutu wa kutha msinkhu udumphidwe asabisale kumbuyo kwa Roma. Manyaziwo ndi ake, si a Mpingo.

Enanso amaopa kuti mwana akauzidwa za kugonana ndiye kuti wapatsidwa chilolezo. Mantha amenewa si opusa, ndipo kholo lililonse limawadziwa. Koma bungwe la UNESCO, m'malangizo ake a mu 2018, litasanthula kafukufuku wochokera m'mayiko ambiri linapeza kuti maphunziro otere, akaphunzitsidwa bwino, sachititsa ana kuyamba msanga mchitidwewu, ndipo kawirikawiri amawathandiza kuchedwa kuyamba. N'zomveka. Mwana amene wauzidwa kuti pa dziwe lakuti pali ng'ona sathamangirako kukasamba.

Pamene Boma ndi Mpingo zisiyana

Tisanamizane kuti palibe posiyana. Mu 1968 Papa Paul VI analemba kalata ya Humanae Vitae, ndipo Mpingo wa Katolika umakana njira zolerera za mankhwala ndi makondomu, pamene Unduna wa Zaumoyo umazilimbikitsa m'zipatala zake. Palibe munthu wanzeru amene angayembekeze kuti sisitere kapena bulazala aime kutsogolo kwa kalasi n'kumagawa makondomu, ndipo ife sitikupempha zimenezo. Chimene tikupempha n'chakuti tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali chiphunzitso cha mmene munthu ayenera kukhalira, ndipo pali zoona za mmene thupi limagwirira ntchito. Pa choyambacho sukulu ya Katolika ilankhule mwamphamvu ndi mopanda mantha kuti Mpingo uphunzitsa kudziletsa mpaka ukwati ndi kukhulupirika m'banja, ndipo ifotokoze zifukwa zake. Pa chachiwiricho inene zoona zokhazokha: mmene mimba imayambira, mmene kachilombo ka HIV kamafalira ndi mmene sikafalira, chimene njira iliyonse yodzitetezera imachita ndi pamene imalephera. Mphunzitsi asauze ana bodza pofuna kuwaopseza, chifukwa mwana wa Fomu 3 amawerenga buku la Biology, ndipo akagwira mphunzitsi wake bodza limodzi sadzamukhulupiriranso pa zoona khumi, ngakhale za pa guwa zomwe.

Tikumbukirenso kuti zambiri mwa sukuluzi zimathandizidwa ndi boma. Aphunzitsi ambiri amalandira malipiro kuchokera ku msonkho wa anthu onse, ena mwa ophunzira amasankhidwa ndi Unduna wa Zamaphunziro, ndipo silabasi imene amatsata inakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti Akatolika ndi pafupifupi 17 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno. M'kalasi ya sukulu ya Katolika mumakhala mwana wa CCAP, wa Chisilamu, wa Seventh Day ndi wa Anglican. Onsewa adzalemba mayeso amodzi ndipo adzakumana ndi dziko limodzi. Palibe amene ali ndi mphamvu yochotsa m'silabasi ya dziko zimene mwana wa Mmalawi ayenera kudziwa kuti akhale ndi moyo.

Nkhani imeneyi si yathu yokha, ndipo mmene ena anaithetsera mungatiphunzitse kanthu. Ku England, kumene maphunziro otere amawatcha PSHE, lamulo linakakamiza kuyambira mu September 2020 kuti sukulu zonse za sekondale, za mipingo zomwe, ziziphunzitsa za ubale wa anthu ndi za kugonana. Lamulolo linalola sukulu za mipingo kufotokoza chikhulupiriro chawo pa nkhanizi, linalamula kuti makolo azifunsidwa maganizo, ndipo linapatsa kholo mwayi wopempha kuti mwana wake asakhale nawo pa gawo la kugonana lokha, osati pa sayansi kapena pa zaumoyo. Sukulu za Katolika za kumeneko sizinatsekedwe ndipo sizinasiye Misa. Sitikunena kuti titengere zonse za Azungu, pakuti miyambo yathu ndi yosiyana ndi yawo. Tikungosonyeza kuti boma ndi mpingo zikhoza kugawana ntchito imeneyi popanda wina kumeza mnzake.

Si za mimba zokha

Kulakwa kwina kumene timachita n'kuganiza kuti phunziroli ndi la atsikana ndi mimba basi. Kafukufuku wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi 9 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo anali ndi kachilombo ka HIV. Ana amene anabadwa nako zaka zapitazo akula, ndipo ena ali m'mahositelo athu, akumwa ma ARV mobisa kuseri kwa bafa poopa kusekedwa. Mwana wotere akadumphitsa mankhwala chifukwa cha manyazi, moyo wake uli pa chiswe. Kalasi imene yaphunzitsidwa kuti kachilomboka sikafala pogawana mbale kapena pogona chipinda chimodzi ikhoza kupulumutsa mnzawoyo. Kodi chikondi cha pa mnzako chimene timamva m'tchalitchi chingaonekere pati koposa apa?

Atsikana ayenera kudziwa za msambo asanauone, kuti asadzidzimuke kapena kujomba m'kalasi. Ayenera kudziwanso chifukwa chimene boma linayambira mu January 2019 kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndiko kupewa khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'dziko muno. Mphekesera zakuti katemerayu amatseka mimba zimafera m'kalasi momwemo ngati mphunzitsi afotokoza bwino. Za ukhondo nazo si zazing'ono. Kolera imene inayamba mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Pamalo pamene ana mazana angapo amadyera khitchini imodzi, kusamba m'manja ndi sopo ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Anyamata asaiwalike. Mimba iliyonse ya mtsikana wa sukulu ili ndi mwini wake. Mnyamata auzidwe momveka kuti mtsikana akati ayi ndiye kuti ayi, kuti lamulo la mu 2015 la maukwati linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndi kuti mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana pamaso pa lamulo. Auzidwe za chamba ndi kachasu, zimene zathetsa maphunziro a anyamata anzeru ambiri, ndiponso za nkhanza zozunza a Fomu 1. Auzidwenso kuti mwamuna akapsinjika mumtima saloledwa kufa nazo yekha. Kulira si uchitsiru, ndipo kuuza munthu wamkulu si kugonja. Ana onse adziwe kuti mphunzitsi, wachibale kapena wamkulu aliyense amene awagwira mosayenera walakwira lamulo, kaya avale chovala chotani, ndipo adziwe khomo limene angagogode.

Ntchito ya aliyense

Phunziro labwino likhoza kufa ndi kaphunzitsidwe. M'sukulu zina limapatsidwa kwa mphunzitsi amene wangopezeka kuti ali ndi mapiriyodi ochepa, ndipo mayeso akayandikira nthawi yake imalandidwa ndi masamu. Kwina ana amangoloweza mayankho kuti akakhoze mayeso, monga amalowezera zaka za nkhondo za ku Ulaya. Mwana akhoza kulemba bwino njira zisanu zokanira mnzake woipa, n'kulephera kukana ndi pakamwa pake Loweruka madzulo. Phunziroli lifunika kukambirana, masewero, ndi bokosi loponyamo mafunso opanda dzina, kuti ngakhale wamanyazi afunse. Akulu anati safunsa anadya phula, koma mwana sangafunse pamene akudziwa kuti funso lake limufikitsa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Kwa eni sukulu, ndiwo maepiskopi ndi zipani za ansembe, abulazala ndi masisitere, tikuti sankhani aphunzitsi okhwima maganizo ndi odziwika ndi khalidwe, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo muwaphunzitse ntchitoyi. Mameteroni ndi woyang'anira hositelo nawo aphunzitsidwe, pakuti ndiwo amene ana amawadzutsa pakati pa usiku. Muli ndi chuma chimene sukulu zina zilibe. Ku Likuni chipatala cha mishoni chili pafupi ndi sukulu zonse ziwiri, ndipo ku Mzuzu kuli chipatala cha St John's ndi a St John of God amene amasamalira odwala maganizo. Namwino wa Mpingo womwewo akhoza kubwera kamodzi pa teremu kudzayankha mafunso amene mphunzitsi achita nawo manyazi, ndipo alangizi a ku parishi akhoza kulowa pa geti la sukulu.

Kwa inu a ku Unduna wa Zamaphunziro, makamaka oyendera sukulu, tikuti mukafika pa sukulu musamangowerenga chiwerengero cha okhoza mayeso. Tsegulani makope a ana muone ngati mitu yonse inaphunzitsidwa. Funsani ngati mtsikana amene anabereka analandiridwanso monga mwa ndondomeko ya boma, kapena anauzidwa mwakachetechete kuti akafune malo kwina poopa kuipitsa mbiri ya sukulu. Ndipo pamene silabasi ikukonzedwanso, a mipingo aitanidwe poyamba pomwe, kuti asadzakane pa khomo la kalasi zimene akanatha kukambirana pa tebulo.

Kwa ife makolo, ndi kwa atsogoleri amene mumayendetsa misonkhano m'midzi ndi m'matauni, ntchito yathu siithera pa kulipira fizi ndi kutumiza shuga ndi chiponde. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi imirirani mufunse amene amaphunzitsa maluso a moyo, mabuku amene amagwiritsa ntchito, ndi kumene mwana wovutika amapita. Mwana akabwera ku tchuthi, ngati inu simungathe kulankhula naye, mutumizeni kwa azakhali kapena amalume ake masiku awiri. Mutu umodzi susenza denga.

Sukulu za Katolika zapatsa dziko lino madokotala, oweruza milandu, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma ochuluka, ndipo palibe amene angazilande ulemu umenewo. Koma pamene tiwerenga amene anatuluka ndi satifiketi, tiwerengenso amene anatuluka ndi sutukesi pakati pa teremu, ndi amene tinawaika m'manda asanafike zaka 30 chifukwa cha zinthu zimene munthu wamkulu mmodzi akanatha kuwauza m'mphindi makumi anayi. Makolo anapereka ana awo pa geti ali ndi chikhulupiriro chonse. Akuluakulu anati tsamba likagwa, manyazi agwira mtengo.